Sitika Yobiriwira pa Kompyuta ya Anti

Pa kampani ya mapulambala ija aliyense ankawaitana kuti Anti, ngakhale madala amene anali ndi imvi zambiri kuposa iwo. Anayamba ntchito pamenepo kampani ili ndi galimoto imodzi yochita kukankha, nthawi ya malemu bwana wamkulu, akutayipa pa makina aja olira ngati matalala pa malata. Makinawo atatha ntchito kunabwera kompyuta. Anti anaiphunzira monyinyirika, akuitukwana chamumtima, mpaka anaizolowera kuposa wina aliyense. Makalata opita kwa makasitomala ndi makadi a ntchito za mapulambala, zonse zinkadutsa m'manja mwawo. Tebulo lawo linali kuseri kwa kauntala, pafupi ndi khomo, moyang'anizana ndi shelefu ya mipopi yachitsanzo.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso anali atayamba kuwathawa. Sikuti anachita khungu ayi. M'mbali ankaona ndithu, koma pakati penipeni, pamene munthu amayang'ana akafuna kuwerenga, panali ngati wina wapaka chala chamafuta pagalasi. Dokotala wa maso anawauza mosabisa kuti magalasi sangathandize, ndipo chinthucho chizingokula pang'onopang'ono. Anzawo ankaona kuti Anti akamalankhula ndi munthu amapendeketsa mutu n'kumuyang'ana cham'mbali, ndiye ankati ndi matama a munthu wokhalitsa pantchito. Anti ankangowasiya azinena. Kunenedwa matama kunali kopepuka kusiyana ndi kuuzidwa kuti kapumeni kunyumba.

Mawu amenewo, akuti kapumeni, ndi amene ankawasowetsa mtendere. Amuna awo anali atasiya kale kuyendetsa malole chifukwa cha bondo, ndipo pakhomo pankadalira mpando uja wa kuseri kwa kauntala. Komanso tisanamizane, Anti sankadziwa kuti munthu amachita chiyani ndi tsiku lonse lathunthu ngati palibe womubweretsera chotayipa.

Ndiye anapeza njira yawoyawo. Kompyuta yakale ija anaikonza ngati khitchini ya munthu wophika magetsi atazima. Tizithunzi tonse ta pa sikirini anatikankhira m'makona, kumene maso ankafikabe, kabuluu ka makalata pamwamba, kachikasu ka mafayilo pansi. Zina zonse zala zinkadziwa zokha. Kompyutayo inalinso yolongolola: ikamasunga fayilo inkang'ung'udza, ikamaliza n'kukhala chete, ndipo Anti ankaimvetsera ngati mnzawo. Pulambala akabwera ndi kapepala ka ntchito imene wagwira, ankamubwezera osakayang'ana n'komwe.

"Zolemba zanuzi ngati papalasa nkhuku. Werengani nokha, ine ndizilemba."

Kalata ikatuluka mu pulinta, ankainyamula pamodzi ndi chikwama chawo kupita kuchimbudzi cha azimayi. Kumeneko ankaima pansi pa windo, n'kutulutsa kagalasi kokuza zilembo, n'kuiwerenga mzere ndi mzere itagunda pamphuno. Maulendo a kuchimbudziwo anachuluka mpaka mapulambala ankanong'onezana kuti mpopi wa Anti ukudontha, ukufunika washala watsopano. Pakamwa pa mapulambala sipabwino, inu. Koma kalata yolakwika sinatulukepo pa khomo lija.

Zinthu zinayenda choncho mpaka tsiku limene abwana anaitanitsa aliyense pa kauntala. Abwanawa anali mwana wa malemu bwana wamkulu, munthu wofatsa, wa dazi loyamba msanga. Ali wamng'ono ankabwera kuchokera kusukulu n'kukhala pansi pa tebulo la Anti kulemba homuweki, akudya zimene Anti asiya m'kontena. Tsopano anali ndi ofesi yawo ya chitseko cha galasi, ndipo Anti ankawatchula kuti bwana popanda kuseka.

Anabwera ndi mayi wina wa makompyuta, wamfupi, wa chikwama chakumsana ndi nsapato zathyathyathya, wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Amene anapanga pulogalamu yoyendetsa makompyuta anuwa alengeza kuti mwezi wamawa asiya kuisamalira," anatero mayiyo. "Ndiye tisinthe nthawi isanakwane."

"Yanga ikugwira ntchito bwinobwino," anatero Anti.

"Ipitiriza kuyaka ndithu, amayi. Koma akuba a pa intaneti akapeza pobowoka, palibe adzabwere kudzatseka. Inu mapulambala, mungamusiyire kasitomala paipi yoti ikaphulika chigamba chake sichipezekanso?"

Mapulambala anagwedeza mitu ngati anthu odziwa zinthu, chonsecho ena a iwo kompyuta ankangoiona ngati poika kapu. Mayi uja anatulutsa timapepala tomata, tofiira ndi tobiriwira. Anati kompyuta ya sitika yofiira ndi yokalamba, pulogalamu yatsopano siingaikwanitse, ichoka. Ya sitika yobiriwira itsala. Pomwepo foni ya pa kauntala inalira, ndipo Anti anaiyankha monga mwa ntchito yawo. Anali kasitomala wa chimbudzi chosefukira, wolankhula mosapumira. Pamene ankaika foni pansi, mayi wa makompyuta anali atamaliza kufotokoza kuti zobiriwirazo zitsala thupi lokha, mkati mwake musintha monse. Mbali imeneyo Anti sanaimve.

Mayiyo anazungulira matebulo, akulemba kenakake pa sitika iliyonse asanaimate. Atafika pa ya Anti anaiyatsa, n'kuimvetsera ikung'ung'udza, n'kuisisita pamwamba ngati galu wokalamba. Anti anapendeketsa mutu ndipo anaona kadontho kofiira.

Atafika kunyumba anapeza amuna awo ali pakhonde, mwendo uli pa kampando, akumangirira chogwirira cha ketulo ndi waya. Iwo okha ndiwo ankadziwa za maso. Ndiwo ankawawerengera mauthenga a pa foni ndi mapepala a mankhwala, pamene Anti ankawatolera zimene zagwa pansi. Ankakonda kunena kuti awiriwo akaphatikizana amakwana munthu mmodzi wabwinobwino.

"Kamuuzeni mwanayo," anatero amuna awo atamva nkhani yonse. "Si yemwe uja munkamupukuta mamina?"

"N'chifukwa chake sindingamuuze."

"Sangakuthamangitseni."

"Kuthamangitsa ayi. Adzandigulira keke ndi nsalu, n'kuitana anthu onse kuti awombe m'manja. Mukumudziwa inu, mtima wake ndi wa mayi ake."

"Nanga mutani, mayi? Muibereka kumsana kompyutayo?"

Anti analowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro ofesi inatsala yopanda anthu. Anti anadzuka, n'kupita kuchipinda chosungira katundu, kumene kunali kompyuta imene inagulidwa chaka chatha. Mwini wake, mkulu wosunga katundu, anali atapita kukadya. Pa kompyutayo panali sitika yobiriwira. Anti anaikanda ndi chikhadabo mpaka inamatuka, n'kumatapo yofiira yawo ija, yobiriwirayo n'kukaimata pa yawo. Munthu amene sanatengepo ngakhale kabawuti ka kampani, tsiku limenelo anaba sitika. Masana onse aja sanayang'ane aliyense, ngakhale cham'mbali.

Loweruka m'mawa mayi wa makompyuta anabwera kudzagwira ntchito ofesi ili yotseka. Anti ndiwo ankasunga makiyi, ndiye anabwera kudzamutsegulira. Makatoni a makompyuta atsopano anali ataunjikidwa pafupi ndi shelefu ya mipopi. Anti anakhala pampando wawo, chikwama pamiyendo, ngati mlendo wodikira basi.

Mayiyo anayamba ndi ya abwana, kenako ya kumaakaunti. Atafika pa kauntala anaima, n'kuwerama, n'kuyang'ana sitika ija kwa kanthawi.

"Amayi, sitika iyi yafika bwanji pano?"

"Si inu munamata?"

"Ine ndinamata yofiira."

"Kaya, mwina munasokoneza. Makompyuta ndi ambiri."

Mayiyo anamatula sitikayo n'kuwapatsa m'manja. "Tandiwerengereni zimene zalembedwapo."

Anti sankadziwa n'komwe kuti palembedwa kanthu. Anaibweretsa pafupi, anaipendeketsa, anaiika patali. Ankangoona chobiriwira basi. Chikwama chinali pamiyendo pomwepo, kagalasi kali momwemo, koma kukatulutsa kunali chimodzimodzi kunena pakamwa.

"Magalasi ndaiwala kunyumba," anatero.

"Sindinakuoneni ndi magalasi tsiku lija." Mayiyo anakoka mpando wa makasitomala n'kukhala. Mawu ake anatsika. "Palembedwa kuti kosungira katundu, ndi dzanja langa. Munthu woona akanabisa zimenezo. Ndipo munaimata chadodolido."

Anti anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Anafuna kukalipa, kumufunsa mayiyo kuti ndi ndani iye wobwera dzana kudzawafunsa mafunso. M'malo mwake anafotokoza zonse, za dokotala, za makona, za kuchimbudzi kuja. Mayiyo anamvetsera osadula.

"Asisi, ndisiyireni yakaleyi," anatero Anti pomaliza. "Simudzaona vuto. Pa intaneti sindipitako kawirikawiri."

"Makalata a makasitomala amalowa pa inu. Mwa makompyuta onse muno, yanuyi ndiyo khomo lakumaso. Sindingaisiye. Komanso pepani, sitika munaiba pachabe. Zobiriwirazo nazonso zikusintha mkati. Ikanatsala, Lolemba mukanaipeza ndi nkhope ina."

Anti anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Ndiye ndaba chinthu chopanda ntchito."

"Mbava zambiri zimayamba choncho," anatero mayiyo. "Bwerani pafupi, tione chimene tingachite."

Anasamutsa mafayilo onse, n'kuchotsa kompyuta yakale, n'kuika yatsopano. Anayesetsa ndithu. Tizithunzi anatiika m'makona momwe Anti anamuuzira, kiyibodi anawasiyira yakale ija imene zilembo zake zinali zitafufutika ndi zala. Koma kabuluu kaja sikanalinso kabuluu kamene ankakadziwa, mabatani ena ankatsegula zinthu zachilendo, ndipo kompyutayo inali duu, yosang'ung'udza ngakhale pang'ono. Anti anatchera khutu, osamva kanthu. Zinali ngati kulankhula ndi munthu wokwiya.

"Pali chinthu china," anatero mayiyo. Anadina mabatani awiri pamodzi, ndipo zilembo za pa sikirini zinafufuma mpaka mawu awiri okha anadzaza sikirini yonse.

Anti anapendeketsa mutu, n'kuwerenga. Anawerenga popanda kagalasi, atakhala tsonga pampando wawo. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana kukhomo.

"Izi munthu angaziwerenge ali pamsewu."

"Angaziwerenge."

"Ndiye aliyense wolowa adziwa."

"Adziwa. Ine kwa abwana sindinena kanthu, si nkhani yanga. Koma batani ili silidziwa kubisa. Musankha nokha."

Mayiyo anatulutsa kabotolo ka guluu m'chikwama chake n'kudonthezera kadontho pa mabatani awiri aja, kuti kakauma chala chizipapeza chosafufuza. Sitika yofiira anakaichotsa yekha kosungira katundu mwini wake asanaione.

Lolemba Anti anafika anthu onse asanafike. Anali atatsimikiza kuti mabatani a guluu aja sawakhudza. Ngati anaphunzira kompyuta yakale mumdima, iyinso aiphunzira. Khadi loyamba analilemba, linatuluka. Lachiwiri linapita kumene iwo sanakudziwe, ndipo anauza pulambala kuti pulinta ikuvuta, abwerenso. Ofesi yonse inali kudandaula za makompyuta atsopano, ndiye palibe anadabwa. Anti anayamba kuganiza kuti mwina apulumuka.

Cha m'ma teni abwana anatuluka mu ofesi mwawo akuthamanga, foni m'manja. Pulambala wina anali atasiya paipi yosamanga bwino m'denga la kasitomala wamkulu, madzi anagwetsa siling'i, ndipo kasitomalayo ankafuna kalata yopepesa yosainidwa, yonena tsiku lokonza, isanakwane nkhomaliro. Dalaivala woti akapereke kalatayo anali ataliza kale galimoto panja.

"Anti, lembani," anatero abwana, n'kuyamba kunena mawu akuyendayenda, nkhope ili ku shelefu ya mipopi, monga ankachitira bambo awo.

Zala za Anti zinathamanga. Koma kompyuta yatsopano ija inali itatulutsa kabokosi kofunsa funso pakati penipeni pa sikirini, pamalo pomwe maso awo sankafika. Inatulutsa mwakachetechete, osalira. Chilichonse chimene Anti ankatayipa sichinkapita kulikonse.

Abwana anamaliza, n'kutembenuka, n'kusuzumira pa kauntala.

"Anti, simunalembe kanthu."

"Ndalemba."

"Pepala ndi loyera. Tsekani kaye kabokosiko."

"Kabokosi kati?"

"Ako kali pakatipo. Dinani pamene palembedwa kuti ayi."

Anti anagwira mausi. Kamuvi anakaona kakuyenda m'mbali, kakafika pakati n'kusowa. Anadina, palibe chinachitika. Anadinanso pena. Mkulu wosunga katundu anali ataima pakhomo ndi mpukutu wa tepi, mapulambala awiri ali pa kauntala kudikira makadi awo. Panja dalaivala analiza hutala.

"Apo, Anti, pamaso panu pomwepo," anatero abwana, osati mokalipa, koma modabwa.

Akanatha kunena kuti makompyuta atsopanowa ndi opusa, ndipo anthu akanavomereza. Akanatha kudzuka kuti abwana adine okha. Lero zikanatheka, mawa kabokosi kena kakanatulukanso. Anti anamva kutopa kwa zaka zonse zija kukutsikira m'mapewa. Anachotsa dzanja pa mausi, zala zinapeza timadontho ta guluu, ndipo anadina.

Mawu akuti ayi anadzaza theka la sikirini. Anti anawaona, anadinapo, kabokosi kanachoka.

Mkulu wosunga katundu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kuseri. Mapulambala aja anatuluka chamchira, mmodzi akukanda m'mutu, ndipo nkhani ya washala sanaitchulenso.

"Kuyambira liti?" anafunsa abwana.

"Bambo anu asanayambe kudwala."

"Iwo ankadziwa?"

"Ayi."

Abwana anaika foni pa kauntala. Nkhope yawo inagwa, ndipo Anti, ngakhale ankaiona cham'mbali, anaidziwa nkhope imeneyo. Inali ya mwana uja akafuna kulira.

"Anti, mwativutikira nthawi yaitali. Bwenzi mutandiuza. Mwina nthawi yakwana yoti inunso mu..."

"Musamalize, bwana."

Abwana anatseka pakamwa.

"Ntchito ikandikanika, mudzandiuze m'maso muno kuti yandikanika, ndidzanyamula chikwama ndekha. Koma musandipumitse chifukwa cha chisoni. Chisoni ndili nacho changa chokwanira." Anabwezera zala pa kiyibodi. "Kalata ija mukuifunabe kapena ayi?"

Hutala inaliranso. Abwana anayang'ana kukhomo, kenako sikirini ija ya zilembo ngati zikwangwani. Anakoka mpando wa makasitomala, n'kuuzungulitsa kuseri kwa kauntala, n'kukhala pambali pawo. Anayambiranso kalata kuchokera pamwamba.

Sizinali ngati kale. Mawu ankadutsa pa sikirini awiriawiri, ndipo Anti, amene anazolowera kulemba osayang'ana, tsopano ankayang'ana, ndipo kuyang'anako kunkapunthwitsa zala. Anawapempha abwana kuti abwereze mzere wina. Anabwereza. Thukuta linali litanyowetsa kolala ya bulauzi pamene pulinta inayamba kukoka pepala.

Abwana anatenga kalatayo n'kusolola cholembera kuti asaine osawerenga, monga ankachitira masiku onse. Anti anaika dzanja pa pepalalo.

"Muwerenge kaye. Iyi sindinapite nayo kuwindo."

Abwana anawerenga. Anti ankawayang'ana mutu uli chopendekera, ndipo anaona pamene maso awo anaima. Anaima pamwamba, pafupi ndi poyambira. Cholembera chinali m'manja, nsonga yake itatsala pang'ono kugunda pepala. Anti anadziwa kuti pali cholakwika, ndipo anadziwanso zimene mtima wa mayi ake uja ukuwauza abwanawo: sainani, musamuchititse manyazi nkhalambayi. Akanasaina, Anti sakanabweranso mawa lake.

Abwana anakhosomola.

"Mzere wachiwiri, Anti. Dzina la msewu lasowa chilembo."

Anawabwezera pepalalo, n'kubweza cholembera m'thumba la malaya. Kenako anadzuka, n'kupita pakhomo, n'kukweza dzanja kwa dalaivala.

"Zimitsa injini, tikukonza kalata."

Anti anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mwachangu, abwana asanatembenuke. Anakokera mpando pafupi ndi tebulo n'kuyamba kufunafuna mzere wachiwiri.